Indiketa ya Kumanzere

Mukafunsa Amalawi a ku Croydon za bambo Felton Makwinja, amayamba aseka kaye, kenako n'kukuuzani kuti mkuluyo ndi dalaivala weniweni. Akatero amakutsinani khutu kuti musakawafunse komwe kuli galimoto yawo. Paja chifikireni ku London, kupatula chaka choyamba chokha, a Makwinja adali dalaivala wokwera basi ndi thiramu, sitima ya magetsi ija yoyenda m'misewu ya m'tauni, ngati wina aliyense.

Kumudzi adali munthu wodziwika. Adayendetsa malole a fodya kuchokera m'maesiteti a ku Kasungu kupita kumsika ku Kanengo kuyambira ali mnyamata mpaka imvi zitayamba kusuzumira m'mbali mwa makutu, ndipo ankanyadira kuti sadagundepo ngakhale nkhuku. Loweruka likakwana, mwini esiteti ankawabwereka galimoto yake yoyera kuti akanyamule akwati. Anthu ambiri a kwawo ku Chinkhoma adalowa m'banja a Makwinja ali pachiwongolero. Womanga maliboni pagalimotoyo adali mwana wawo mmodzi yekhayo, Alinane. Tsiku lina, akadali kamtsikana koguluka mano akutsogolo, adafunsa kuti nanga iye tsiku lake likadzafika adzamunyamula ndani.

"Ine," adatero a Makwinja. "Ngakhale ndidzakhale ndikuyendera ndodo, woyendetsa ndidzakhala ine."

Mawu otere mwana akhoza kuwaiwala, koma bambo sawaiwala.

Akazi awo, mayi Rabecca, adali namwino, ndipo atapeza ntchito pachipatala china ku London banja lonse lidawatsatira. Apa m'pamene dziko lidatembenuka. Laisensi ya ku Malawi kuno imagwira ntchito chaka chimodzi basi, chikatha umayambiranso ngati mwana wa sukulu, chilembo chofiira cha ophunzira kutsogolo ndi kumbuyo kwa galimoto. Mayi Rabecca, amene kumudzi ankatsinzina lole ikamawoloka mlatho wa Bua, adaphunzira miyezi ingapo n'kukhoza mayeso ulendo woyamba. A Makwinja adapeza ntchito yochapa ndi kusita zofunda kunyumba yosamalira okalamba ku Thornton Heath, ndipo Lamulungu lililonse ankapita kutchalitchi atakhala pampando wa kumanzere, phazi likuponda buleki pomwe palibe buleki. Kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna.

Si kuti mayeso sankayesa ayi. Vuto lawo silidali kusadziwa. Ankadziwa kwambiri, koma za msewu wina. Ulendo woyamba adaona mkulu wa mpingo ataima podikirira basi, ndipo dzanja lidapita lokha pahutala, poti munthu sungadutse wamkulu ngati ukudutsa mtengo. Atafika potsetsereka adachotsa giya kuti apulumutse mafuta a eni galimoto. Woyesa mayeso sadathokoze.

Ulendo wachiwiri chidawagwetsa ndi indiketa, ndipo apa pafunika kufotokoza pang'ono. Pamisewu ya kwathu lole ikakhala patsogolo, wakumbuyo saona kanthu koma msana wa loleyo. Choncho dalaivala woleredwa bwino amamuonera mnzakeyo, n'kumalankhula naye ndi indiketa. Akayatsa ya kumanja ndiye kuti akunena kuti dikira mbale wanga, kutsogoloku kukubwera zinthu, usandipitirire. Akayandikira m'mphepete n'kuyatsa ya kumanzere ndiye kuti dutsa, ndaona, njira ili bwino. Zimenezi sizili m'buku la malamulo a pamsewu, koma a Makwinja adazichita zaka zonse za ntchito yawo, moti chala chinkapita chokha mutu usanaganize. Tsiku la mayesolo vani ina idawakanirira kumbuyo, uku kutsogolo kukubwera basi, ndipo indiketa ya kumanja idayamba kuphethira pamsewu wowongoka, wopanda ndi pokhotera pomwe.

"Mukukhotera kuti, bambo Makwinja?" adafunsa woyesa mayeso m'Chingerezi chofatsa.

"Sindikukhota, bwana. Ndikumuuza mnzathu wakumbuyoyu kuti adikire."

Mzunguyo adalemba kenakake papepala lake, ndipo a Makwinja adabwerera kunyumba pa thiramu.

M'chaka cha 2006 Alinane adabwera ndi mnyamata. Dzina lake lidali Newton, kwawo ku Zomba, wogwira ntchito ya makompyuta ndipo ankakhala ku Ilford. Adali waulemu, wopereka moni atagwira chigongono, moti a Makwinja adafunafuna pomudera koma adasowa. Ankhoswe adakambirana, tsiku lidaikidwa mu Ogasiti. Lamulungu lina masana, akukambirana za dongosolo la tsikulo pabalaza, Newton adanena mwaulemu kuti ali ndi mnzake amene amabwereketsa galimoto zazitali za maukwati, pamodzi ndi dalaivala wake wovala chipewa.

"Dalaivala alipo kale," adatero a Makwinja.

Mayi Rabecca adayang'ana kudenga, Alinane adayang'ana m'kapu.

"Abambo ake a Alinane, dalaivala alipodi," adatero mayi Rabecca. "Chosowa ndi kapepala."

"Kapepalako kabwera. Ndalembetsa kale test ina."

Tsiku la mayeso achitatuwo mayi Rabecca adawamanga kalabala pachala choyatsira indiketa, kuti chizikumbukira kuti chili ku Mangalande. Ndipo adayendetsa bwino zedi. Sadalize hutala, magalasi adawayang'ana mpaka khosi kuwawa, pa raundabauti adadikira modekha ngati ali pamzere wa kuchipatala. Atatsala pang'ono kubwerera pomwe adayambira, munthu wina wa njinga yamoto adayamba kusuzumira kuti awapitirire pokhota, kutsogolo kukubwera chilole cha zinyalala. Chala chidapita, ndi labala yemwe.

"Ndikuona chimene mumafuna kuchita," adatero woyesa mayeso galimoto itaima. "Ndi mtima wabwino. Koma wakumbuyoyo chinenero chanu sachidziwa. Iye akuona munthu amene akuti akhota koma osakhota."

Mpata wina wa mayeso udapezeka mu Seputembala, ukwati utapita kale.

Amene adawapeza ali khuma pabenchi kunja kwa tchalitchi Lamulungu lotsatira adali Levy, Mzambiya wa ku Chipata wosamutsa katundu wa anthu pa vani yake. Levy adali wabwino mtima, koma mwa anthu aja amene amadziwa yankho funso lisanathe.

"Ba Makwinja, nanga nkhope yagwa so? Ni vija va test?"

A Makwinja adafotokoza.

"Ah, mudala, iyo si problem. Bwerani muone vamene nili navo mu vani."

M'vanimo mudali chinthu chofiira cha matayala anayi onenepa ngati maungu, chokhala ndi zogwirira za njinga yamoto ndi mipando iwiri, wina kumbuyo kwa unzake. Chidali ndi nyali, hutala, magalasi, ngakhale maindiketa. Levy adachipeza kwa mlimi wina wa ku Kent amene adamusamutsira katundu, ndipo adati dzina lake ndi kwadi.

"Manje niuzeni," adatero Levy. "Iyi ni motoka?"

"Ayi."

"Ni honda?"

"Njinga yamoto imakhala ndi matayala awiri."

"So laisensi ya chani? Muzungu uja enze kuyenda nayo daily pa famu, nambala sininaionepo olo kamozi."

A Makwinja adakumbukira kuti ku esiteti ku Kasungu kudalinso chinthu chotere, ndipo ankakwera aliyense, kapitawo, mlonda, ngakhale wophika tiyi, popanda wofunsa pepala. Adachisisita pampando. Chidali ngati mleme, kwa mbalame saudziwa, kwa mbewa saudziwanso, ndiye msonkho ungakapereke kuti? M'maganizo mwawo adaona kale msewu wochoka kutchalitchi ku West Croydon kupita kumadyerero, iwo patsogolo, Alinane pambuyo pawo velo ikuuluka, mdipiti wa galimoto ukutsatira. Kufunsa akadatha kufunsa, poti Newton akadangotsegula kompyuta n'kuwapezera yankho tiyi asanazizire. Koma ndi mpongozi uti, dalaivala wa malole, amene amakafunsa mkamwini za msewu? Safunsa adadya phula.

Levy adabweretsa kwadiyo Loweruka m'mawa, mayi Rabecca akugona atachokera ku shifiti ya usiku. Adaitsitsira pakabwalo ka simenti kutsogolo kwa nyumba, pomwe pamakhala mabini a zinyalala. A Makwinja adaitsuka ndi sopo wotsukira mbale, matayala adawapaka polishi wa nsapato, kenako adavala jekete n'kukwera. Ankangofuna kukafika pa shopu ya pakona n'kubwerera, kuti dzanja lizolowere.

Injini italira, nkhunda zonse za mumsewumo zidauluka. Makatani adayamba kugwedezeka nyumba ndi nyumba. Alinane adatulukira pakhomo, kapu ya tiyi ili m'manja, kukamwa kuli yasa. Zenera la m'mwamba lidatseguka, mayi Rabecca n'kutulutsa mutu, duku litapendekeka.

"Abambo ake a Alinane, mwagula chigayo?"

A Makwinja adalowetsa giya, kwadi idasuntha, ndipo matayala akutsogolo atatsala pang'onong'ono kutuluka pageti, patsogolo pawo padaima wapolisi wamkazi amene ankayendera msewuwo wapansi. Adali wamfupi, wa nkhope yansangala. Adakweza dzanja, a Makwinja n'kuzimitsa injini.

"Mwadzuka bwanji, bambo? Yokongola kwambiri," adatero m'Chingerezi. "Ulendo wa kuti?"

A Makwinja adafotokoza zonse, za ukwati, za lonjezo, za chinthu chomwe si galimoto komanso si njinga. Wapolisiyo adamvetsera osawadula pakamwa. Kenako adawerama kuyang'ana kutsogolo kwa kwadiyo, adazungulira kumbuyo, n'kufunsa kuti nambala yake ili pati. Padalibe. Kapepala kozungulira ka msonkho wa pamsewu padalibenso. Atafunsidwa za inshulansi a Makwinja adangokanda kumutu. Koma pa laisensi ndiye adawongoka, poti apa pokha adali ndi choonetsa. Adasolola m'chikwama laisensi yawo ya ku Malawi, yakalekale, pachithunzi ali ndi tsitsi lalitali la masiku awo.

"Tsitsi linali labwino," adatero wapolisiyo. "Mwakhala kuno nthawi yaitali bwanji?"

"Chino n'chaka chachinayi."

"Ndiye iyi muisunge bwino, adzukulu adzaione. Pamisewu ya kuno inasiya kugwira ntchito chaka choyamba chitatha."

"Koma mayi, ichi si galimoto."

"Chili ndi injini, ndipo mukufuna kuyenda nacho pomwe payenda anthu ena. Kwa ife zakwana. Chiyenera kulembetsedwa, chikhale ndi nambala kutsogolo ndi kumbuyo, msonkho ndi inshulansi. Ndipo kuti munyamulepo mkwatibwi wanu pafunika laisensi yathunthu ya galimoto, ya kuno, yomwe mukuivutikirayo."

Kani mleme uja boma lidaupezera kale mtundu.

Wapolisiyo adaloza ndi nsapato pomwe simenti ya panyumba imakumana ndi njira ya oyenda pansi. "Pamene mulipo muli kwanu, ine ndikungocheza nanu. Matayalawo akadutsa apa ndiyenera kutulutsa cholembera, njingayi ikhoza kulandidwa, ndipo laisensi mukuifunayo idzabwera ili kale ndi zipsera. Sindikufuna kukuwonongerani Loweruka."

"Ndiye chinthu chimenechi amayendetsera kuti?"

"Pamalo a munthu, mwiniwake atalola. Kumunda, kapena pabwalo lotchingidwa pomwe sipalowa aliyense. Kumeneko si kwanga." Adayang'ana Alinane pakhomo paja. "Mkwatibwi ndinu? Zabwino zonse. Bambo anuwa muwagulire chipewa cholimba. Lamulo silikakamiza, koma mutu ndi umodzi."

Wapolisi atapita, a Makwinja adakhalabe pakwadipo manja ali lende. Mayi Rabecca adatsika atavala gauni, adaizungulira kwadiyo monga adachitira wapolisi uja, ndipo ngakhale makatani a eni nyumba zoyandikana ankadikira mvula ya mawu. Koma iwo adangoti, "Chigayo chanu chatsekereza mabini," n'kubwerera kukagona. Fisi akagwa m'mbuna salankhula. A Makwinja adakankhira kwadiyo pakona n'kuifunditsa lona.

Nkhani sigona. Pofika Lamulungu mpingo wonse udali utamva, ndipo abambo ena popereka moni ankafunsa ngati chigayo chatsegulidwa kuti abweretse chimanga. Levy yekha ndiye sadaone cholakwa chake.

"Mudala, ine ninakamba kuti pa famu. Va pa road sininakambeko."

Mkati mwa sabata a Makwinja adabwera kuchokera kuntchito n'kupeza pakona paja pali mbee. Mayi Rabecca adati adamuimbira Levy kuti adzachotse katundu wake. A Makwinja sadatsutse. Koma zidawapweteka, ndipo chowapweteka sichidali kwadiyo kapena kusekedwa kutchalitchi. Adanyamula ana a eni osawerengeka, ena osawadziwa n'komwe maina, koma wawo yekhayo adzamuperekeza atakhala ngati thumba la ufa pampando wa kumanzere. Adamupeza Alinane kukhitchini akukulunga timphatso ta alendo.

"Mwana wanga, ndakunamiza. Paja ndinati ndidzakuyendetsa ndine."

"Adadi, it's fine," adatero Alinane osadzutsa mutu. "Amami ayendetsa. Musadandaule."

Akadalira kapena kukwiya bwenzi zili bwinoko. Koma kuyankha kopepuka kumeneku kudawauza kuti mwanayo adaiwala kalekale, ndipo adapita kuchipinda mtima uli wolemera. Sadaone kuti Alinane akuluma mlomo kuti asaseke.

Tsiku la ukwati dzuwa lidawala, chinthu chimene ku London chimafunika pemphero lakelake lothokoza. A Makwinja adalawirira kukamanga okha maliboni pa kagalimoto ka mayi Rabecca, mfundo zake zomwe zija za ku Chinkhoma. M'tchalitchi adamugwira mkono mwana wawo mpaka kuguwa, adayankha zofunika kuyankha, adamwetulira pojambulitsa. Potuluka akwati adakhala kumbuyo, mayi Rabecca pachiwongolero atavala chipewa chachikulu chogunda kudenga, iwo pampando wawo wa masiku onse. Madyerero adali ku holo ya kalabu ina ya masewera a kiriketi, kupitirira Purley. Njira yonse, kwa nthawi yoyamba, a Makwinja sadawauze akazi awo posinthira giya.

Atafika pageti la kalabuyo mayi Rabecca adalowa pang'ono n'kuima.

"Bwanji? Holo ili uko," adatero a Makwinja.

"Msewu wa boma wathera pagetipa, ndipo ntchito yanga yathera pomwepa. Tsikani."

Pansi pa mtengo padaima vani ya Levy, ndipo pambali pake padali kwadi ija, yonyezimira, maliboni oyera kuyambira kuzogwirira mpaka kumbuyo, zibaluni mbali zonse. Levy adali pomwepo mu suti yothina, mano onse ali pamtunda. Pafupi naye padaima nkhalamba yachizungu yosamalira bwalolo, makiyi a geti ali m'manja.

Alinane adagwira bambo ake paphewa ali kumbuyo kwawo. "Wapolisi uja anati private land, adadi. Ine ndinamva. Tinawaimbira a kalabu ndipo avomera. Galimoto zonse zikalowa atseka geti, muno mukhala mwathu mpaka madzulo."

Nkhalamba ija idapempha chinthu chimodzi chokha, kuti udzu wa pakati pa bwalo, umene inkausamala kuposa ndevu zake, usapondedwe. Ayende m'kanjira ka timiyala kozungulira bwalolo. Mayi Rabecca adatulutsa chipewa cholimba m'buti n'kuwaveka amuna awo ndi manja awo.

"Liwiro la munthu woyenda pansi," adatero akumanga lamba pansi pa chibwano. "Ndikangoona velo ikuuluka ndidzakulandani makiyi pamaso pa anthu."

A Makwinja adakwera. Atsikana operekeza adasonkhanitsa diresi la Alinane n'kumukhazika cham'mbali monga amakhalira amayi pa njinga ya kabaza, iye n'kugwira bambo ake m'chiuno. Mayi Rabecca adasamukira pampando wa kumanzere n'kupereka makiyi a galimoto kwa Newton.

"Mkamwini, tsatirani apongozi anu."

Injini idalira, koma nthungululu zidaiposa. A Makwinja adaliza hutala mmene mtima udafunira, popanda wolemba kanthu papepala. Amayi a mpingo adatsika m'galimoto n'kumayenda m'mbali akuimba ndi kuvina, mdipiti wonse ukukwawa pambuyo. Adamva manja a mwana wawo m'chiuno, ndipo adakumbukira kamtsikana koguluka mano kaja kakulimbana ndi mfundo ya liboni.

Kuchokera pageti kufika paholo sipatali. Khomo la holo litayandikira, a Makwinja adaona pagalasi kuti Newton wayamba kupatukira kumanja kuti awapitirire, akaime pakhomo n'kulandira mkazi wake. Mnyamatayo sadalakwe, ndi mmene adapanganirana ndi Alinane. Koma mtima wa a Makwinja udakana. Ulendo umene adaudikira chiyambire mwanayu ali wamng'ono uthe msanga chonchi, ngati kukagula machesi? Ankadziwanso kuti akatsika apa Alinane sabwereranso kuchipinda chake ku Croydon, apita ku Ilford, kutsidya kwa mtsinje, kukayamba nyumba yake. Chala chidapita, ulendo uno mutu ukudziwa. Indiketa ya kumanja idayamba kuphethira.

Newton, amene galimoto adaiphunzirira ku London, adaponda buleki poganiza kuti apongozi akukhotera kumanja. Nkhalamba yosamalira bwalo idaganiza chimodzimodzi, ndipo poti kumanjako n'komwe kudali udzu wake, idayamba kuthamanga manja ali m'mwamba. Koma kwadi sidakhote. Idadutsa khomo la holo mowongoka n'kupitiriza ndi kanjira kozungulira bwalo. Kumbuyo kudamveka chikhakhali cha abambo achikulire, aja adayendapo pamsewu wa ku Kasungu, ndipo mawu a mayi Rabecca adatulukira pazenera la galimoto.

"Akuti musawapitirire, mkamwini! Akuti mudikire kaye."

"Adadi, holo taidutsa," adatero Alinane akuseka.

"Ndaiona."

"Ndiye tikupita kuti?"

"Ndikukuyendetsa."

Bwalo la kiriketi ndi lalikulu, makamaka pa liwiro la munthu woyenda pansi. Amayi oimba aja ena adavula nsapato zazitali n'kuzinyamula m'manja, ena adagonja n'kukhala pamabenchi. Wojambula kanema thukuta lidamunyowetsa malaya. Nkhalamba ija itaona kuti udzu wake uli pamtendere idayamba kuwomba nawo m'manja. Newton adatsatira pambuyo, osayandikira kwambiri, osatsaliranso, ndipo hutala sadalize. A Makwinja ankamuyang'ana pagalasi njira yonse, monga ankachitira ali pa lole pofuna kudziwa ngati dalaivala wakumbuyo ndi wopupuluma. Wopupuluma amasuzumira uku ndi uku, amathwanimitsa nyali, amafuna umumvere chisoni. Mnyamata uyu adali wodekha.

Atafika mbali ya kutali, komwe nyimbo zinkamveka pang'ono, Alinane adatsamiritsa mutu pamsana pawo.

"Ndimakumbukira, adadi. Za ku Chinkhoma zija. Sindinaiwale."

Chipewa cholimba chili ndi ubwino wake, munthu ukhoza kulira m'menemo anthu osadziwa.

Holo idayandikiranso. Anthu adali ataunjikana pakhomo, ena akunong'onezana kuti mkuluyu azunguliranso mpaka mpunga uzizire. A Makwinja adaponya maso kutsogolo monga ankachitira pamwamba pa lole. Kanjira kadali koyera. Adayang'ana pagalasi. Kenako adayandikira m'mphepete, adachepetsa moto mpaka kwadi idaima, adazimitsa injini n'kuyatsa indiketa ya kumanzere.

Nyimbo zidaleka, moti kaphokoso ka indiketayo kankamveka, thi, thi, thi. Galimoto ya kumbuyo idaimanso, Newton atasowa chochita.

"Akuti dutsani," adatero mayi Rabecca. "Akuti aona, njira ili bwino."

Newton adadutsa pang'onopang'ono. Atafika pambali pa apongozi ake adachotsa dzanja limodzi pachiwongolero n'kuliika pachifuwa, mutu ataweramitsa. Adaimika galimoto pakhomo, adatsika, n'kubwerera wapansi kudzamutsitsa Alinane. Nthungululu zidasweka, ndipo awiriwo adalunjika ku holo khamu likuvina pambuyo pawo.

A Makwinja adatsala pakwadi yawo, akuvula chipewa mosafulumira. Mayi Rabecca adabwera n'kuwapatsa kansalu kopukutira kumaso, osanenapo kanthu za maso ofiirawo. Kenako adayang'ana nyali ija, yomwe inkaphethirabe.

"Mwaiwala kuzimitsa indiketa. Pamenepanso akanakulepheretsani."

"Sindinaiwale," adatero a Makwinja. "Isiyeni kaye pang'ono. Mwina mwana acheuka, aone kuti ndalola."